Kusankha Laputopu Yolembera Mapulogalamu Kuno Kunyanja

M'mawa ngalawa zikamakocheza pa doko la Msaka kapena ku Chembe zitadzaza usipa wa usiku, si ndalama zonse zimene zimadutsa m'manja. Wogula wochokera ku Limbe amangodina manambala pafoni, foni ya mwini ngalawa n'kulira, malonda atha. Kaya ndi Airtel Money kaya ndi Mpamba, palibe kalaliki wakhala penapake n'kumawerengera ndalamazo. Chimene chikugwira ntchito ndi mndandanda wa malangizo amene munthu analemba, ouza makina kuti akalandira nambala yachinsinsi yolondola achotse ndalama kuno aike uko, ndipo ikakhala yolakwika akane. Mndandanda wotere ndiwo timautcha pulogalamu, ndipo mawu ake enieniwo, monga momwe wolembayo amawatayipira, amatchedwa khodi. Khodi imalembedwa m'zinenero zake zomwe makina amamva, monga Python, Java, JavaScript, PHP ndi Kotlin.

Achinyamata ambiri a m'boma la Mangochi ayamba kuifuna ntchito imeneyi. Ena anailawa pa phunziro la kompyuta ku sekondale, ena ali ku yunivesite ya DMI St John the Baptist konkuno, ena anapita ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo kapena ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndipo ena akudziphunzitsa okha pa intaneti. Onsewa amafika pa khomo limodzi: pafunika laputopu. Kwathu kuno, komwe mabanja ambiri ali ndi wachibale ku Joni, nkhaniyi imayamba ndi chithunzi cha pa WhatsApp. Achimwene kapena amalume ajambula laputopu yonyezimira m'sitolo ya ku Johannesburg, pakona pake pali kachikwangwani kolembedwa i7, pansi alemba kuti, "Tigule imeneyi?" Wofunsidwayo amayankha kuti inde chifukwa cha ulemu, komanso chifukwa sadziwa choti afunse. Ndalama ya miyezi ingapo ya thukuta imapita pa yankho limenelo.

Mukufuna kulemba chiyani?

Kulemba khodi pakokha si ntchito yolemetsa makina. Ndi kutayipa mawu basi. Chimene chimalemetsa ndi zipangizo zimene wolembayo amatsegula kuti ayese zomwe walemba, ndipo zipangizozi zimasiyana malinga ndi mtundu wa ntchito.

Amene akuphunzira Python, kapena akupanga masamba a pa intaneti a malo ogona alendo a ku Cape Maclear ndi ku Nkopola, kapena kapulogalamu kosungira maina ndi malikisi a ana asukulu, safuna makina amphamvu kwambiri. Iye amatsegula polembera khodi, monga Visual Studio Code, n'kutsegulanso Chrome kapena Firefox kuti aone zotsatira. M'chaka cha 2008, pachipatala cha St Gabriel ku Namitete, wophunzira wa ku America dzina lake Josh Nesbit anagwiritsa ntchito laputopu imodzi yopatsidwa, mafoni akale pafupifupi 100 ndi pulogalamu yaulere yotchedwa FrontlineSMS kulumikiza chipatala ndi anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi. Laputopu ya nthawi imeneyo ndi yofooka poyerekeza ndi foni yabwino ya lero, koma ntchito inagwirika ndipo odwala anathandizidwa.

Zinthu zimasintha mukafuna kupanga mapulogalamu a mafoni a Android, omwe ndiwo ali m'manja mwa anthu ambiri m'Malawi. Chipangizo chake chachikulu, Android Studio, n'chadyera. Chimafuna malo ambiri, ndipo chili ndi kafoni kongoyerekezera kamene kamaoneka pa sikirini kuti muyeserepo pulogalamu yanu. Kafoni kameneka kamatha kugwetsa mphwayi laputopu yofooka mpaka munthu n'kuganiza kuti yafa. Njira yopulumukira ilipo: kulumikiza foni yanu yeniyeni ndi waya n'kumayesera pomwepo. Komabe amene cholinga chake ndi Android ayenera kukonzekera makina okulirapo.

Mapulogalamu a iPhone amamalizidwa ndi chipangizo chotchedwa Xcode, chimene chimagwira pa makompyuta a Apple okha. Ngati mulibe kasitomala amene akufunadi zimenezi, musavutike nazo poyamba. Nawonso amene amva za nzeru zopangidwa ndi makina asathamangire kugula chilaputopu chamasewero poganiza kuti n'chimene chifunika. Wophunzira amatha kubwereka mphamvu ya makompyuta akuluakulu kudzera pa intaneti, mwachitsanzo pa Google Colab, laputopu yake n'kungokhala polembera ndi poonera.

Ziwalo zitatu za m'kati

Aliyense wakunyanja anaonapo momwe usipa umasamalidwira ukatsika m'ngalawa. Pamakhala anthu ogwira ntchito, pamakhala thandala loyanikapo, ndiponso nyumba yosungiramo matumba. Laputopu nayo ili ndi zitatu zoterezi. Purosesa ndiyo anthu ogwira ntchito aja: imawerenga malangizo n'kuwachita. RAM ndiyo thandala: chilichonse chimene chikugwiridwa pakali pano chimayalidwa pamenepo. Chosungira, chomwe ambiri amangoti hadi, ndiyo nyumba ija, mmene zinthu zimakhala ngakhale makina atazimitsidwa. Thandala likachepa, antchito amataya nthawi kunyamula nsomba kupita nazo m'nyumba ndi kukazitenganso, ndipo ngakhale atakhala amphamvu chotani ntchito imayenda pang'onopang'ono. Kumbukiraninso kuti pa RAM sipagona kanthu. Makina akazima, chimene simunasunge chapita.

Msampha wa i7

Kampani ya Intel imagawa mapurosesa ake m'magulu: i3, i5, i7 ndi i9. Ogulitsa amakonda kutchula gulu lokhalo, chifukwa aliyense amaganiza kuti 7 iposa 5. Zimenezi n'zoona pokhapokha mapurosesa awiriwo atakhala a m'badwo umodzi. Ambiri mwa maina amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 15, ndipo pafupifupi chaka chilichonse kumatuluka m'badwo watsopano. Choncho i7 ikhoza kukhala nkhalamba, i5 n'kukhala mnyamata.

M'badwo umabisala m'nambala yotsatira. Taonani maina awiri awa: i7-4600U ndi i5-8250U. Nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo. Yoyambayo ndi ya m'badwo wachinayi, wa mu 2013, ndipo ili ndi mitima iwiri yogwirira ntchito. Yachiwiriyo ndi ya m'badwo wa 8, inatuluka mu 2017, ili ndi mitima inayi, ndipo imaisiya kutali inzakeyo ngakhale dzina lake likuoneka laling'ono. Kuyambira m'badwo wa 10 muziwerenga manambala awiri oyamba: i5-10210U ndi ya m'badwo wa 10, i5-1135G7 ndi ya m'badwo wa 11. Zatsopano kwambiri zasintha kalembedwe, zina zikutchedwa Core Ultra, koma zimenezo sizinafike kwenikweni pamsika wa kaunjika.

Malire amene ine ndimaika ndi m'badwo wa 8, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba ndi chimene taonachi: pa m'badwo umenewu malaputopu wamba a muofesi anachoka pa mitima iwiri kufika pa inayi. Chachiwiri n'chakuti kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula ochepa chabe. N'chifukwa chake maofesi a kunja akutaya malaputopu a m'badwo wa 6 ndi 7 ambirimbiri, ndipo ena mwa iwo akutsikira kuno. Ogulitsa ena amaikamo Windows 11 mokakamiza kuti ioneke yatsopano. Musakhutire ndi zimene mukuona pa sikirini, funsani nambala yonse ya purosesa.

Palinso kampani ya AMD, imene mapurosesa ake amatchedwa Ryzen. Ndi abwino ndithu, musawaope chifukwa chosazolowera dzinalo. Pa laputopu yang'anani Ryzen 5 kapena Ryzen 7 ya nambala yoyambira 3000 kupita m'mwamba, monga Ryzen 5 3500U. Maina oti muwathawe ndi Celeron, Pentium ndi Atom. Amenewa amapezeka m'malaputopu atsopano otchipa, onunkhira katoni, amene amakopa kholo lofunira mwana wake zabwino. Kulembera kalata amatha, koma pa ntchito yathuyi amalephera msanga.

RAM ndi chosungira

Ndalama ikakhala yochepa, ndi bwino kuchepetsa pa purosesa kusiyana ndi kuchepetsa pa RAM. Imayezedwa m'magigabayiti, olembedwa GB. Ya 4 GB siikwanira masiku ano, chifukwa Windows yokha ndi masamba ochepa a Chrome zimaidzaza musanalembe ngakhale mzere umodzi. Ya 8 GB ndi poyambira, ndipo wophunzira akhoza kumaliza nayo chaka choyamba ndi chachiwiri. Ya 16 GB ndiyo imapatsa mtendere, makamaka kwa wa Android ndi amene adzagwiritse ntchito zipangizo monga Docker, zimene zimayendetsa timakompyuta tongoyerekezera m'kati mwa kompyuta yanu.

Funso limene ogula ambiri safunsa ndi lakuti: kodi RAM imeneyi ingaonjezeredwe? M'malaputopu ena RAM imakhala kabolodi kakang'ono kolowetsa m'mpata wake, koti katswiri aliyense wokonza makompyuta akhoza kuchotsa n'kuikapo kokulirapo. M'malaputopu ena, makamaka opyapyala kwambiri, RAM anaiwotcherera ku bolodi lalikulu, ndipo mmene mwaigulira ndi mmene idzafere. Kwa munthu amene ndalama imabwera pang'onopang'ono, laputopu ya 8 GB yokhala ndi mpata wachiwiri wopanda kanthu ndi chuma, chifukwa akadzapeza ndalama ina adzangogula kabolodi kena.

Pa chosungira nkhani ndi yachidule. Chakale, HDD, chili ndi timbale tozungulira m'kati ndi kasingano kowerenga. Chimachedwa, ndipo sichipirira mabampu a pa kabaza kapena a pamsewu wopita ku Makanjira. Chatsopano, SSD, chilibe chozungulira chilichonse, ndipo chimafulumira kangapo. Laputopu ya HDD imatha kukudikiritsani mphindi zingapo poyatsa, pomwe ya SSD imadzuka m'masekondi. Wogulitsa akakuuzani kuti iyi ili ndi 1 TB pomwe iyo ili ndi 256 GB yokha, funsani kaye mtundu wake. SSD ya 256 GB iposa HDD ya 1 TB pa ntchito ya khodi, ndipo ya 512 GB ndiyo yabwino koposa. Mukaona mawu akuti eMMC, kawirikawiri a 32 kapena 64 GB, dziwani kuti ndi kachosungira kowotcherera, kochedwa, kamene kamadzaza ndi Windows yokha.

Magetsi ndi batire

Mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja pafupi ndi tauni ya Mangochi, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kulowa m'nyanja ya Malombe, kenako n'kutsikira ku Liwonde. Kumunsi kwake ndiko kuli Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina, dziko lonse limamva. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kwa magetsi kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Malangizo ambiri osankhira laputopu amene mungawerenge pa intaneti analembedwa ndi anthu amene soketi yawo siigona. Kwa ife batire ndi chiwalo chachinayi, cholemera mofanana ndi zitatu zija.

Kukula kwa batire kumalembedwa ndi zilembo Wh. Malaputopu ambiri a muofesi ali ndi batire la pakati pa 40 ndi 60 Wh, ndipo likakhala labwino limakutengerani maola angapo mukungolemba khodi, sikirini mutaichepetsa kuwala. Zilembo za kumapeto kwa dzina la purosesa zimathandizanso apa. U amatanthauza purosesa yosadya moto wambiri, pomwe H ndi yamphamvu koma yaludzu. Malaputopu amasewero, aja okhala ndi magetsi amitundumitundu pa kiyibodi, amakhala ndi H pamodzi ndi chiwalo china chokonza zithunzi za pa sikirini. Tchaja yawo imatha kukoka mawati 150 kapena kuposa, pomwe ya laputopu wamba imakoka 45 kapena 65. Amene amadalira sola ya panyumba, ya batire limodzi ndi kainveta kakang'ono, aone kusiyana kumeneku asanagule. Laputopu ya mawati 65 sola yotere imaikwanitsa masana. Chilaputopu chamasewero chimaliza inveta ndi kumaliza batire loti liunikire nyumba usiku.

Ngati n'kotheka sankhani yotchajira pa kabowo ka USB-C. Tchaja yake siivuta kupeza, ndipo pali mabanki a moto ena akuluakulu amene amatha kuitchaja, malinga alembedwe kuti amatulutsa mawati okwanira. Kabanki wamba ka foni sikangathe.

Laputopu yochokera ku Joni imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana m'maiko awiriwa, choncho vuto ndi mano okhawo. Musapinde waya kapena kukanikiza pulagi ndi kamtengo. Gulani chingwe china cha mbali yopita kukhoma, chomwe n'chotchipa, tchaja yeniyeniyo ikhale yomweyo. Chinanso: magetsi akathima, zulani tchaja kukhoma, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanaibwezere, chifukwa nthawi imene akubwerayo ndi imene amakonda kulumpha n'kuotcha zinthu. Nyengo ya mphezi muzichita chimodzimodzi.

Kutentha ndi fumbi

Amene anakhalapo ku Mangochi kapena ku Monkey Bay mwezi wa Okutobala ndi Novembala safunika kumuuza za kutentha. Opanga malaputopu ambiri amalemba kuti makina awo apangidwira malo osapitirira madigiri 35, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana a chilimwe timapitirira pamenepo. Purosesa ikatentha kwambiri imadziteteza pochepetsa liwiro lake. Ndiye mumaona laputopu imene m'mawa imathamanga, masana ikukwawa, kafani kake kakulira kosalekeza. Ambiri amaganiza kuti yalowa vairasi n'kukalipira kuti aifufute yonse, chonsecho vuto ndi mpweya.

Tembenuzani laputopu muone kumimba kwake. Pali timazenera tolowera mpweya, ndipo m'mbali kapena kumbuyo muli potulukira wotentha. Mukaiika pa matiresi, pa pilo kapena pa chitenje mwaitseka mphuno. Ikani pa tebulo, ndipo kumbuyo kwake muikweze pang'ono ndi kathabwa kuti mpweya uzidutsa pansi. Fumbi la mwezi wa Seputembala ndi mchenga wa kugombe zimalowa momwemo n'kupanga kansalu kothina kuseri kwa fani, moti kamodzi pa chaka ndi bwino katswiri aitsegule, aipukute, n'kupakanso mafuta oziziritsa pa purosesa. Apa ndi pamene laputopu yomasula ndi masikuluwu wamba imaposa yomatidwa ndi guluu.

Kutentha kumaononganso batire. Likayamba kutupa mumaona kiyibodi ikukwera pakati, kapena pogwira ndi chala paja pakutukumuka, kapena chivundikiro cha pansi chikuyasama. Batire lotupa si loti n'kulipirira. Likhoza kuyaka, ndipo liyenera kuchotsedwa msanga. Musasiye laputopu m'galimoto yotseka padzuwa, kapena m'chikwama pamwamba pa minibasi.

Kiyibodi ndi sikirini

Wolemba khodi amagwiritsa ntchito zizindikiro zimene wolemba kalata sazikhudza kawirikawiri: mikutiramawu ya mitundu itatu, mpumiro wa kadontho ndi kamchira, timizere topendekeka. Malaputopu a kaunjika amachokera kumaiko osiyanasiyana, ndipo ena amabwera ndi kiyibodi ya Chifalansa, Chijeremani kapena Chijapani, pomwe zizindikirozi zili malo ena. Yang'anani mzere wa pamwamba wa zilembo: uyambe ndi QWERTY, ndipo zizindikiro zikhale za kiyibodi ya ku America kapena ya ku Britain. Kiyibodi yowala pansi pa mabatani imathandiza kwambiri usiku wopanda magetsi.

Sikirini ikhale ya 1920 x 1080, imene ogulitsa amaitcha Full HD. Ya 1366 x 768 imaonetsa mizere yochepa, ndipo simungaike khodi mbali ino zotsatira mbali inayo. Ya mainchesi 14 ndi yosavuta kunyamula. Yosanyezimira ngati galasi ndiyo yabwino kwa munthu wogwirira ntchito pakhonde.

Windows, Linux kapena Mac

Pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makina onse ilipo ya mitundu itatu yodziwika. Windows ndiyo tinaizolowera, ndipo maphunziro ambiri a m'makoleji athu amaphunzitsidwa pa iyo. Mac imabwera ndi makina a Apple okha. Kuyambira mu 2020, pamene Apple inatulutsa purosesa yakeyake ya M1, malaputopu ake amasunga moto nthawi yaitali ndipo satentha msanga, zomwe zikanatiyenera kwambiri kuno. Koma mtengo wake ndi wokwera, RAM ndi chosungira siziwonjezereka, ndipo ikaonongeka ulendo wake ndi wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mwinanso kunja.

Linux ndiyo ndimafuna wophunzira aliyense aidziwe. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991 ali wophunzira, ndipo ndi yaulere. Mtundu wake wotchuka, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Makompyuta ambiri amene amasunga masamba a pa intaneti padziko lonse amayendera Linux, choncho amene waiphunzira ali kale pakhomo pa ntchito. Ubwino wina ndi wakuti imapepuka. Ngati muli kale ndi laputopu ya m'badwo wa 5 kapena 6, kapena ndalama yanu ikungofika pamenepo, musataye mtima: ikanimo SSD, kwezani RAM ifike 8 GB, ikanimo Ubuntu kapena Linux Mint, ndipo mudzaphunzira nayo Python ndi za masamba a pa intaneti popanda chovuta. Amene akufuna zonse ziwiri akhoza kuyendetsa Linux m'kati mwa Windows kudzera pa chipangizo chotchedwa WSL.

Yatsopano kapena ya kaunjika

Malaputopu onse amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa mtengo umakwera tsiku lomwelo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasunga ndalama ya laputopu anaona cholinga chawo chikuthawira kutali. N'chifukwa chake nkhani ino siikutchula mitengo. Chimene sichisintha ndi ichi: pa ndalama yofanana, laputopu ya kaunjika ya gulu la muofesi imaposa yatsopano ya gulu lotchipa.

Makampani akuluakulu amapanga mitundu iwiri. Wina ndi wogulitsa kwa anthu wamba m'masitolo, wokongola kunja koma wa pulasitiki yofewa ndi mahinji osachedwa kuthyoka. Wina ndi wa maofesi ndi mabanki, umene umapangidwa kuti upirire zaka zambiri ndiponso kuti uzikonzedwa mosavuta. Ku Lenovo mtundu wachiwiriwu ndi ThinkPad, ku Dell ndi Latitude, ku HP ndi EliteBook ndi ProBook. Maofesi a kunja amaasintha pakapita zaka zochepa akadali ndi moyo, ndipo chifukwa anapangidwa ochuluka, mabatire, makiyibodi ndi masikirini ake amapezeka. Zitsanzo za m'badwo wa 8 ndi ThinkPad T480, Latitude 5490 ndi EliteBook 840 G5. Zonse zitatu zili ndi mipata iwiri ya RAM. T480 ili ndi chinanso chotikomera: batire lake lakunja limachotsedwa ndi dzanja, moti munthu akhoza kukhala ndi lapadera.

Koma kaunjika ndi kaunjika, amafuna maso. Musagule laputopu imene simunaiyatse, ndipo wogulitsa wokana kuti muiyese wakuuzani kale zonse. Ikayaka, dinani pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager, ndipo pagawo la Performance muona dzina lonse la purosesa, kukula kwa RAM, mipata imene yagwiritsidwa ntchito, ndiponso ngati chosungira chili SSD kapena HDD. Zimene zalembedwa apo ndizo zoona, osati za pa kachikwangwani. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe kuti powercfg /batteryreport. Makina akupatsani lipoti lokhala ndi manambala awiri ofunika: Design Capacity, kutanthauza moto umene batire linkasunga lili latsopano, ndi Full Charge Capacity, umene likusunga lero. Yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, batirelo latha, ndipo mtengo wa latsopano uchotsedwe pa mtengo wa laputopu.

Mukatero tsegulani polembera mudine batani lililonse, limodzilimodzi. Lowetsani fulashi m'kabowo kalikonse. Lumikizani ku intaneti ya pafoni yanu kuti muone ngati Wi-Fi ikugwira. Yesani kamera ndi maikolofoni, poti ntchito zambiri za khodi zimakambidwa pa vidiyo. Tsekani ndi kutsegula chivundikiro kangapo mukumvetsera mahinji. Zulani tchaja muone ngati siizima pomwepo. Pomaliza izimitseni, muiyatsenso n'kulowa mu BIOS, pakhomo pa makina pamene pamatsegulidwa ndi F1, F2 kapena F10 malinga ndi kampani. Pakafunsidwa nambala yachinsinsi imene wogulitsa saidziwa, kapena poyatsa pakatuluka dzina la kampani kapena sukulu ya kunja yofuna kuti mulowe ndi akaunti yawo, isiyeni. Mwina sinamasulidwe bwino, mwina ndi yobedwa. Pemphani lisiti lolembedwa nambala ya makinawo, imene imakhala kumimba kwake, pamodzi ndi masiku amene mungaibweze ikavuta.

Wachibale amene akukugulirani ali kutali akhoza kuchita zonsezi m'sitolo momwemo n'kukutumizirani zithunzi za Task Manager ndi lipoti la batire. Kuwapempha zimenezi si mwano. Mukhoza kunena kuti, "Achimwene, musanalipire mundijambulireko pamene palembedwa nambala ya purosesa, kuti ndalama yanu isapite pachabe." Poitumiza, ikulungidwe bwino ndipo ikhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa katundu wa m'ngolo ya basi.

Ndalama ya pambali

Musathere ndalama yonse pa laputopu yokha. Pafunika chikwama chokhala ndi thonje m'kati ndi pulasitiki yokutira nthawi ya dzinja, adaputala yoteteza ku kulumpha kwa magetsi, mausi, ndi fulashi kapena chosungira chapadera. Pafunikanso bandulo. Android Studio yokha poikoka imadya gigabayiti yathunthu, ndipo ikangotsegulidwa imaitanitsa zina zoposa pamenepo. Ophunzira anzeru amagawana: mmodzi akakoka, enawo amatengera pa fulashi. Mukalumikiza laputopu ku intaneti ya pafoni, uzani Windows kuti intanetiyo ndi yolipira pa muyezo, pa malo olembedwa Metered connection, apo ayi idzayamba kudzikonza yokha n'kumaliza bandulo ya mwezi usiku umodzi. Mabuku ofotokoza Python ndi zinenero zina akhoza kukokedwa kamodzi n'kumawerengedwa popanda netiweki.

Laputopu ikhoza kubedwa, kugwera m'madzi kapena kupsa, koma khodi yanu isapite nayo. Sabata yoyamba yomwe phunzirani Git, chipangizo chimene Linus Torvalds yemwe uja analemba mu 2005 chosungira mbiri ya kusintha kulikonse kumene mwapanga, ndipo tsegulani akaunti yaulere pa GitHub kapena GitLab. Git imagwira ntchito ngakhale popanda intaneti. Mukhoza kulemba sabata yonse ku Malindi kapena ku Namwera netiweki ikuvuta, n'kudzatumiza zonse tsiku limene yagwira. Popeza khodi ndi mawu chabe, ntchito ya sabata yonseyo kawirikawiri imadya bandulo yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp.